Yohane Bosco Woyera, mkhalapakati wa ana osowa pogwira

Pa 31 Januwale chaka ndi chaka Mpingo wa Katolika umachita chaka cha Yohane Bosco Woyera, amene dziko lonse limamudziwa ndi dzina loti Don Bosco. Kuno ku Lilongwe dzinali si lachilendo. Ku Area 23 kuli parishi ya Don Bosco, ndipo pambali pake pali sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco Youth Technical Institute, kumene anyamata ndi atsikana amaphunzira umakaniko, ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, utelala ndi ntchito zina. Komabe ambiri mwa ife dzinali timalidziwa ngati dzina la malo, mwini dzinayo osamudziwa. M'nkhani ino tilongosola moyo wake, makamaka mbali ina imene sitiimva kawirikawiri m'maulaliki: momwe wansembeyu adaimirira pakati pa mwana wosauka ndi anthu amphamvu, kaya mabwana a ntchito, akuluakulu a mzinda kapena boma limene, kuti mwanayo apeze mwayi wophunzira.

Giovanni Bosco adabadwa pa 16 Ogasiti 1815 m'kamudzi ka Becchi, pafupi ndi Castelnuovo d'Asti m'chigawo cha Piedmont, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Italy. Bambo ake a Francesco adali mlimi wolima m'minda ya eni. Iwo adamwalira ndi chibayo mu Meyi 1817, mwanayo asadakwanitse zaka ziwiri, ndipo chimenecho chidali chaka cha njala yoopsa. Mayi ake a Margherita Occhiena adatsala okha ali ndi zaka 29, akusamala apongozi awo okalamba ndi anyamata atatu: Antonio, amene adali mwana wa mkazi woyamba wa malemuwo, Giuseppe ndi Giovanni. Mayiwa sankadziwa kulemba kapena kuwerenga, koma katekisimu adali naye pamtima, ndipo ndiwo adakonzekeretsa mwana wawo kulapa koyamba ndi kulandira Ukaristia.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi Giovanni adalota maloto amene sadawaiwale moyo wake wonse. Adaona chigulu cha anyamata akumenyana ndi kutukwana, iye nkuwalowerera ndi zibakera kuti awatontholetse. Pamenepo padaoneka munthu wina waulemerero amene adamuletsa, namuuza kuti anyamatawo adzawakopa ndi kufatsa ndi chikondi osati ndi nkhonya. Kenaka mayi wina adamuonetsa zilombo zolusa zikusanduka anaankhosa. Atafotokoza malotowo m'mawa, a m'banja mwake adawamasulira mosiyanasiyana, koma mayi ake adaganiza kuti mwina mwanayo adzakhala wansembe.

Vuto lidali sukulu. Antonio, amene ankagwira ntchito yolemetsa ya kumunda, sankaona chifukwa choti mng'ono wake azikhala ndi buku m'manja pamene ena ali ndi khasu. Tisafulumire kumuweruza Antonio, pakuti mawu ake timawamva m'makomo mwathu mpaka lero, ndipo kawirikawiri amene amawalankhula ndi njala, osati nkhanza. Mkangano udakula kotero kuti mayi adachita kumuchotsa Giovanni pakhomo ali ndi zaka pafupifupi 12, nakagwira ntchito yoweta ng'ombe ndi kulima kwa banja la a Moglia ku Moncucco. Mu Novembala 1829 adakumana ndi wansembe wina wokalamba, Don Giovanni Calosso, amene adadabwa kumva mnyamata wakumudzi akubwereza pamtima ulaliki wonse umene adaumva tsikulo. Wansembeyo adayamba kumuphunzitsa Chilatini, koma patangotha chaka adamwalira mwadzidzidzi.

Kuyambira pamenepo Giovanni adaphunzira movutikira monga amachitira ana ambiri a m'midzi mwathu. Ku Castelnuovo ankagona kwa telala wina, naphunzirako kusoka. Adaphunziranso kusula zitsulo. M'chaka cha 1831 adapita ku Chieri ali ndi zaka 16, atayenda khomo ndi khomo m'mudzi mwake kupempha tirigu ndi kangachepe ka fizi. Adamuika m'kalasi la tiana timene iye ankatiposa msinkhu kutalitali, koma m'chaka chimodzi adadumpha makalasi atatu. Kuti apeze chakudya ankagwira ganyu m'nyumba yogulitsira khofi, ndipo ankagona m'kachipinda ka pansi pa masitepe. Pamene ankalowa seminale m'chaka cha 1835, mkanjo, chipewa ndi nsapato zake zidachokera kwa anthu osiyanasiyana akufuna kwabwino. Adadzozedwa unsembe ku Turin pa 5 Juni 1841. Munthu wotere sadafunike kuwerenga m'buku kuti adziwe mtengo wa sukulu kwa mwana wamasiye.

Mzinda wa Turin

Nthawi imeneyo mzinda wa Turin unkakula mofulumira. Kunkamangidwa nyumba ndi mafakitale, ndipo anyamata ankatsika kuchokera m'midzi ya m'mapiri kudzafuna ntchito: onyamula njerwa ndi laimu, osema miyala, osesa mwaye m'machumuni. Ambiri adali ana a zaka khumi kapena kuposera pang'ono. M'mawa ankaunjikana pa msika wa Porta Palazzo kudikira bwana woti awalembe tsiku limenelo, ndipo osalembedwa ankangoyendayenda, kutchova njuga, kupempha ndi kuba. Aliyense amene adadutsapo pa depoti ya mabasi ya ku Old Town m'mamawa, kapena mu msewu wa Malangalanga, kapena pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika, chithunzi chimenechi sachita kuchifunsa. Ana ogulitsa majumbo ndi madzi, ana olimbirana kunyamula katundu wa apaulendo, ana ogona m'makonde a masitolo, ndi omwewo amene Don Bosco adawapeza ku Turin.

Wansembe watsopanoyo adalowa sukulu ya ansembe achinyamata ya Convitto, kumene mphunzitsi ndi mlangizi wake adali Don Giuseppe Cafasso, amenenso lero ndi woyera. Don Cafasso ankatumikira akaidi, ndipo adamutenga Don Bosco kukayendera ndende za mumzindawo. Zimene adaona zidamusowetsa tulo: anyamata a zaka 12 mpaka 18, athanzi ndi anzeru, ali khale popanda chochita, nsabwe zili yakaliyakali. Adazindikiranso kuti ambiri akatuluka ankabwereramo posachedwa, chifukwa kunja kudalibe munthu wowalandira. Maganizo amene adamugwira adali akuti anyamatawa akadakhala ndi bwenzi kunja, wowasamala ndi kuwaphunzitsa, ambiri sakadafika kundendeko. Ife a ku Lilongwe tikukumbukira kuti ndende ya Kachere, imene kwa zaka zambiri inkasunga achinyamata, ili pakatikati pa Old Town, ndipo tinkaidutsa popita kukagula ndiwo.

M'buku la zikumbutso zake, limene adalemba atalamulidwa ndi Apapa Pius IX, Don Bosco adaika chiyambi cha ntchito yake pa 8 Disembala 1841, tsiku la chaka cha Maria Wopanda Tchimo Lachibadwa. Akukonzekera Misa m'tchalitchi cha Francis Woyera wa ku Assisi, adamva wosamala sakristiya akumenya ndi kuthamangitsa mnyamata wina chifukwa sankadziwa kutumikira Misa. Don Bosco adamuitanitsa mnyamatayo. Dzina lake adali Bartolomeo Garelli, wa zaka 16, wochokera ku Asti, mwana wamasiye wogwira ntchito yomanga, wosadziwa kulemba kapena kuwerenga. Ku katekisimu sankapita chifukwa ankachita manyazi kukhala pakati pa tiana tomuposa nzeru. Akatekisiti, taonani kuti chimene chidamutsekereza mnyamatayu pakhomo la tchalitchi sichidali kusakhulupirira koma manyazi a umbuli. Adapemphera limodzi Tikuoneni Maria, phunziro loyamba lidachitika pomwepo, ndipo Lamulungu lotsatira mnyamatayo adabwera ndi anzake.

Msonkhano wa Lamulungu umenewu, wa Misa, katekisimu, masewera ndi nyimbo, udatchedwa Oratorio, ndipo adauika m'manja mwa Francis de Sales Woyera, episkopi wodziwika ndi kufatsa. Anyamata adachuluka kufika mazana, ndipo mavuto adachuluka nawo. M'zaka za 1845 ndi 1846 gululi lidapirikitsidwa malo ndi malo: pa tchalitchi cha kumanda a San Pietro in Vincoli, pa zigayo za m'mbali mwa mtsinje wa Dora, m'zipinda za lendi za nyumba ya a Moretta, mpaka pa dambo la a Filippi, kumene eni ake adadandaula kuti anyamata apondaponda udzu mpaka mizu. Mkulu woyang'anira mzinda, Michele di Cavour, ankaona gululo ngati chiopsezo ku bata, ndipo adatumiza apolisi kuti azikazonda. Ansembe a m'maparishi ankadandaula kuti akuwalanda ana, ngakhale anawo adali alendo osadziwa ndi komwe kuti parishi yawo ndi iti. Ansembe ena adafika poganiza kuti mutu wake wasokonekera, nakonza ngolo yoti imutengere ku chipatala cha amisala. Mayi wina wolemera ndi wopembedza, Giulia di Barolo, amene adamulemba ntchito yotumikira pa nyumba yake yosamalira atsikana, adamuuza kuti asankhe pakati pa ntchito ya malipiroyo ndi anyamata ake a mumsewu. Iye adasankha anyamata, malipiro natha.

Pa Pasaka, pa 12 Epulo 1846, Oratorio idapeza malo okhazikika ku Valdocco, kunja kwa mzinda, m'chishedi cha bambo wina dzina lake Pinardi. Denga lake lidali lalifupi kotero kuti adachita kukumba pansi kuti munthu aziimirira bwino. Mu Julayi chaka chomwecho Don Bosco adadwala mpaka kudzozedwa mafuta a odwala. Atachira kumudzi, adabwerera ku Turin pa 3 Novembala ali ndi mayi ake, atayenda wapansi ulendo wonse. Mayi Margherita adasiya nyumba yawo ndi zidzukulu ali ndi zaka 58, nakakhala mayi wa ana a eni kwa zaka khumi, kuphika, kuchapa ndi kusoka zigamba, mpaka adamwalira pa 25 Novembala 1856. Usiku wina wamvula mu Meyi 1847 mnyamata wamasiye wochokera ku chigwa cha Valsesia adagogoda pakhomo ali chinyowere, ndipo mayiwa adamuyalira pafupi ndi moto. Ameneyo ndiye adali woyamba kugonera pamalopo.

Pepala losainirana

Don Bosco adaona msanga kuti kusonkhanitsa ana Lamulungu lokha sikukwanira, pakuti masiku asanu ndi limodzi otsalawo mwana adali m'manja mwa bwana. Adayambitsa sukulu ya Lamulungu ndi ya madzulo, kumene anyamata oweruka kuntchito ankaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Posowa mabuku osavuta, adalemba ake: mbiri ya Mpingo, mbiri ya m'Malembo Oyera, buku la mapemphero a achinyamata, ngakhalenso kabuku kofotokoza miyeso ya mita, lita ndi kilogalamu, imene boma lidalamula kuti iyambe kugwira ntchito m'chaka cha 1850. Wina angadabwe kuti wansembe alemberenji za miyeso. Koma munthu wosadziwa sikelo ndiye amaberedwa pamsika, ndipo ana akewo ndiwo adali oyamba kuberedwa.

Mkati mwa sabata iye ankayenda m'mashopu ndi m'malo omanga nyumba kukaona anyamata ake pantchito. Ankafunira ntchito amene adalibe, ndi kuchotsa amene adali kwa mabwana ankhanza. Kenaka adachita chinthu chimene kwa ife chikuoneka ngati chachikulu koposa pa moyo wake wa utumiki: adayamba kulemberana mapangano ndi mabwanawo. Ena mwa mapepalawo akusungidwabe. Lina ndi la mu Novembala 1851, limene adapangana ndi Carlo Aimino, mmisiri wa magalasi, m'malo mwa mnyamata Giuseppe Bordone. Lina ndi la pa 8 Febuluwale 1852, lolembedwa pa pepala la chidindo cha boma, pakati pa kalipentala Giuseppe Bertolino ndi mnyamata Giuseppe Odasso, ndipo adasainapo ndi bwanayo, mnyamatayo, bambo a mnyamatayo ndi Don Bosco.

Pangano la Odasso lidali la zaka ziwiri. Bwana adalonjeza kumuphunzitsa mnyamatayo ukalipentala weniweni, osamutuma ntchito zina zosakhudzana ndi lusolo, kapena zoposa mphamvu zake ndi zoononga thanzi. Akalakwa adayenera kumudzudzula ndi mawu monga bambo achitira ndi mwana wake, osamumenya. Masiku a Lamulungu ndi a zaka za Mpingo adayenera kumumasula kuti apite ku mapemphero ndi ku sukulu. Malipiro adalembedwa momveka: masentesimi 30 patsiku m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, 40 m'miyezi isanu ndi umodzi yotsatira, ndi 60 kuyambira Januwale 1853. Pomaliza bwana adayenera kupereka kalata ya umboni. M'pangano la Bordone mudalinso tchuthi cha masiku 15 pachaka. Mnyamata naye adali ndi mbali yake: kumvera, kulimbikira ndi kubweza chimene waononga mwadala. Don Bosco adasaina monga mboni ndi mkhoswe wa khalidwe la mwanayo.

Tiganizire bwino tanthauzo la pepala limeneli. Nthawi imeneyo kudalibe lamulo loteteza mwana wogwira ntchito, ndipo mabungwe akale a amisiri, amene ankayang'anira ophunzira ntchito, boma lidali litawathetsa m'chaka cha 1844. Mwana wa kumudzi adalibe liwu pamaso pa bwana. Don Bosco sadapite kukapempha bwanayo kuti achite chifundo. Adamuika pa mawu olembedwa, nadziika yekha pakati monga munthu amene adzabwere kudzafunsa. Kupatsa mwana buledi ndi chinthu chabwino, ndipo ku Valdocco buledi ankaperekedwa tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri wangongole. Koma buledi sakwiyitsa munthu aliyense. Chimene chimafuna kulimba mtima ndicho kupita kwa munthu wamkulu, mwina Mkhristu mnzathu wopereka bwino chamtulo, kukamufunsa kuti mwana amene ali pakhomo pake amaweruka nthawi yanji ndipo amaphunzira kuti.

Funso limeneli likutikhudza ife eni. M'kalata yawo ya nyengo ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, maepiskopi athu adadandaula za kuthithikana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi kusalingana kwa mwayi wa maphunziro. M'chaka cha 1994 boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi adakhamukira kusukulu m'chaka chimodzi. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale. Lamulo la ntchito la 2000 lidaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma ntchito za m'nyumba za anthu lidazisiya kunja. Apa ndi pamene pali bala. Kuseri kwa mipanda ya njerwa ya ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, ngakhalenso m'nyumba zathu zing'onozing'ono za m'makomboni, muli atsikana amene tidawatenga kumudzi titalonjeza makolo awo kuti tikawaphunzitsa. Ena akuphunziradi. Ena amadzuka mbandakucha kukonzekeretsa ana athu kupita kusukulu, iwo nkutsala ndi mbale ndi matewera. Lonjezo lija lidali la pakamwa, ndipo padalibe mkhoswe wodzabwera kudzafunsa. Mphakati uliwonse umadziwa nyumba zotere, popeza ndi momwe timasonkhanamo kupemphera.

Tibwerere ku Valdocco. Mapangano aja adathandiza, koma mabwana ena ankawaphwanya, ndipo malo ambiri a ntchito ankaononga khalidwe la ana. Choncho Don Bosco adatsegula mashopu ake pamalo pomwepo. M'chaka cha 1853 adayamba ndi osoka nsapato ndi matelala, iye mwini nakhala pa benchi kuonetsa kagwiridwe ka singano, luso la ku Castelnuovo lija litapeza ntchito. Mu 1854 adaonjeza osoka mabuku, mu 1856 akalipentala, ndipo pofika 1862 padali makina osindikizira mabuku ndi shopu ya osula zitsulo. Ana amene adali ndi mutu wa sukulu adawatsegulira makalasi a sekondale, ndipo mwa iwo mudatuluka ansembe, aphunzitsi ndi maepiskopi. Mmodzi mwa ophunzirawo adali Dominic Savio, mwana wa mmisiri wosula zitsulo, amene adafika mu 1854, namwalira mu 1857 ali ndi zaka 14, ndipo lero ndi woyera. Chaka chomwecho cha 1854 kolera adagwa mu Turin, ndipo anyamata oposa 40 a ku Oratorio, omwe aja mzinda unkawaopa, adadzipereka kusamala odwala amene abale awo adawathawa. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene adafa ndi nthendayo.

Kaleredwe kake adakafotokoza mwachidule m'kabuku ka mu 1877. Adati mphunzitsi asadikire kuti mwana alakwe kenaka nkumulanga, koma akhale pakati pa ana, m'kalasi ndi pabwalo la masewera, kuti mpata wolakwa uchepe. Makolo athu adati m'mera mpoyamba. Mizati yake idali itatu: kulankhula ndi nzeru za mwana, chipembedzo, ndi chikondi chimene mwanayo angachione ndi maso. Kumenya, kukoka makutu ndi kugwaditsa ana mozunza adaziletsa kotheratu, pa nthawi imene ndodo idali chida cha mphunzitsi aliyense.

Antchito, ndalama ndi boma

Ntchito yotere munthu mmodzi sangaithe. Poyamba adathandizidwa ndi ansembe anzake monga Don Giovanni Borel, ndi akhristu eni ake, amuna ophunzitsa katekisimu ndi masamu madzulo, amayi ochapa ndi kusoka. Koma ambiri ankatopa nkuchoka, ndipo iye adaona kuti antchito okhalitsa adzachokera mwa ana omwewo. Chodabwitsa ndi chakuti amene adamuunikira njira adali Urbano Rattazzi, nduna ya boma imene mu 1855 idakhazikitsa lamulo lotseka zipani zambiri za ansembe ndi asisiteri ndi kulanda katundu wawo. Nduna imeneyi inkalemekeza ntchito ya ku Valdocco, ndipo idamulangiza kuti akhazikitse bungwe la anthu amene pamaso pa boma adzakhala nzika wamba zosunga ufulu wawo ndi kukhoma msonkho. Pa 18 Disembala 1859 Don Bosco ndi anzake 17, ambiri a iwo anyamata oleredwa pomwepo monga Michele Rua ndi Giovanni Cagliero, adayambitsa Chipani cha Francis de Sales Woyera, chimene timachitcha Asalesiani. M'chipanimo mudalinso abulazala, amisiri ochita malumbiro koma ovala ngati anthu wamba, oyang'anira mashopu aja. Roma adavomereza malamulo a chipanichi mu 1874, ndipo mu 1876 adavomerezanso bungwe la akhristu eni ake othandizana ndi Asalesiani ali m'mabanja mwawo.

Tiyenera kunena kuti kwa zaka 30 ntchito yonseyi idali ya anyamata okha. Atsikana adafikiridwa kudzera mwa Maria Domenica Mazzarello, mwana wa mlimi wa ku Mornese, amene adali atayamba kale kusonkhanitsa atsikana ndi kuwaphunzitsa kusoka. Pa 5 Ogasiti 1872 iye ndi anzake adachita malumbiro, ndipo chipani cha Ana Aakazi a Maria Mthandizi wa Akhristu chidabadwa. Mayi ameneyu adaphunzira kulemba ali wamkulu kale, atakhala pa benchi limodzi ndi asisiteri ake.

Ndalama sizidakwanepo ndi tsiku limodzi lomwe. Don Bosco adalemba makalata zikwizikwi opempha thandizo kwa mfumu, nduna, mabanki ndi anthu olemera. Adachititsa mipikisano ya mwayi yovomerezeka ndi boma. Adayambitsa nyuzipepala ya Bollettino Salesiano mu 1877 kuti othandiza azidziwa kumene ndalama zawo zapita. Abale ndi alongo athu amene amagwira ntchito m'mabungwe othandiza ana, amene theka la nthawi yawo limathera pa kulemba makalata opempha ndi malipoti, adziwe kuti woyera ameneyu goli limenelo adalisenza mpaka imfa. Boma nalo silidamusiye pamtendere. Mu 1860 apolisi adachita chipikisheni ku Valdocco pomuganizira kuti akuchita ndale za Apapa. Mu 1879 akuluakulu a maphunziro adalamula kuti makalasi a sekondale atsekedwe ponena kuti aphunzitsi ena adalibe masatifiketi oyenera. Iye adadandaula mpaka kwa mfumu, akunena kuti nyumbayo ndi khomo la ana osowa kwawo ndipo iye ndi bambo wawo, ndipo sukuluyo siidafe.

Mtanda wolemera koposa udachokera mkati mwa Mpingo. Kwa zaka zoposa khumi adasemphana ndi Ambuye Lorenzo Gastaldi, arkiepiskopi wa Turin, amene kale adali bwenzi lake. Ambuyewo ankaona kuti anyamata a Don Bosco akudzozedwa unsembe osaphunzira mokwanira popeza nthawi yawo inkathera m'makalasi ndi pabwalo, ndiponso kuti chipanicho sichinkamvera ulamuliro wa dayosizi. Sitinganene kuti madandaulo onsewo adali opanda pake, ndipo Don Bosco naye sadali munthu wogonja msanga. Mu 1882 Apapa Leo XIII adamupempha kuti alembe kalata yopepesa kwa arkiepiskopiyo kuti mtendere ubwerere. Zidamuwawa, koma adamvera.

M'zaka zake zomaliza, maso atachita chidima ndi miyendo itatupa, adayendabe kukapempha thandizo ku Paris mu 1883 ndi ku Barcelona mu 1886, makamaka kuti amalize tchalitchi cha Mtima Woyera ku Roma chimene Apapa adamusenzetsa. Madokotala adati thupi lake lidatha ngati chovala chimene chavalidwa masiku onse. Adamwalira ku Valdocco m'mamawa pa 31 Januwale 1888 ali ndi zaka 72, atasiya Asalesiani 773 ndi nyumba m'maiko a ku Ulaya ndi ku South America, kumene adatumiza amishonale oyamba ku Argentina mu 1875. Thupi lake lili m'tchalitchi chachikulu cha Maria Mthandizi wa Akhristu chimene adamanga ku Turin. Apapa Pius XI, amene ali wansembe wachinyamata adachezako ku Valdocco, adamulengeza kukhala wodala pa 2 Juni 1929 ndi woyera pa Pasaka, pa 1 Epulo 1934. Apapa John Paul II adamutcha bambo ndi mphunzitsi wa achinyamata.

Asalesiani adafika ku Cape Town mu 1896, ku Congo mu 1911 ndi ku Zambia mu 1982, ndipo m'zaka za m'ma 1990 adalowa m'Malawi, nakhazikika ku Lilongwe ndi ku Nkhotakota. Koma ntchito ya umkhalapakati ija siili m'manja mwa chipani chimodzi. Kumapeto kwa zaka zomwezo za m'ma 1990 asisiteri a chipani cha Amayi Maria a ku Africa adayambitsa ntchito ya Tikondane pansi pa dayosizi ya Lilongwe, yosamalira ana a m'misewu ya mumzinda uno. Antchito ake, ambiri a iwo akhristu eni ake ophunzira za chisamaliro cha anthu, amayenda m'misika ndi m'madepoti kucheza ndi ana, kuwalandira kwa kanthawi pa nyumba yawo, kufufuza kwawo ndi kukambirana ndi abale. Mwana akabwerera kwawo amakamupezera malo kusukulu, ndipo pakapita nthawi amapitanso kukaona ngati akadali m'kalasi.